Kompyuta Nambala Sikisi

Foni inalira ndili pa Copacabana,
phazi limodzi lili kale mu kombi.
Anali Mayi Mandizvidza:
"Makina ako aja apenga.
Mwana amene sanalepherepo chiyambire chaka
akuti wapeza malikisi khumi ndi awiri,
pomwe wina woti nkhope yake sindiidziwa n'komwe
wakwera mpaka 91."
Ndinabweza phazi.
Kondakitala anatukwana.

Usiku ofesi yathu imanunkha fumbi lofunda.
Seva imang'ung'udza pakona
ngati firiji ya m'golosale.
Ndinatsegula kaundula wa mayeso,
mizere zikwi zitatu,
uliwonse ndi ola lake, mphindi yake,
ndipo ndinayamba kutsika nawo ndi chala
monga posankha mpunga.

Amati kompyuta sinama.
N'zoona, koma siyang'ananso munthu kumaso.
Dzina limene lalowa pakhomo
ndi lomwelo imalipatsa mpando.

10:02, Anesu Chikodzore walowa.
Mafunso anayi, kungolotera onse.
10:09, zii.
Ndinaimbira mnzanga wa ku Mbare:
eya, magetsi anathima m'mawa,
jenereta ya pakafe ija inavuta kulira.
10:31, Anesu wadzukanso,
koma si Anesu uja.
Uyu sakuthamanga. Akubwerera pafunso lachisanu,
akufufuta, akulembanso,
ziganizo zake zikutha ndi mpumiro.
11:26, watumiza.
11:27, pamakina omwewo, nambala sikisi,
Rutendo Zvavamwe walowa.
Zatsala mphindi zitatu.

Ndinakhala chete nthawi yaitali pamzere umenewo.
Ndinamuona mtsikanayo ngakhale sindinamuonepo:
wapeza tsamba lili chitsegukire,
wathokoza Mulungu, walemba ola lathunthu,
kenako maso akwera pakona ya sikirini
n'kupeza dzina la mwini.
Mphindi zitatu,
zala zikunjenjemera pa pasiwedi,
mwini kafe akugogoda tebulo kuti ndalama yatha.

Agogo anga aamuna anafika mumzinda uno wapansi
kuchokera ku Ntcheu, dzina lawo Chikaonda.
Kalaliki anameza chilembo chimodzi pachitupa.
Zaka makumi atatu akunyamula matumba a fodya,
penshoni inakagwera Chikonda wina
amene sitinamuonepo.
Anamwalira ku Dzivarasekwa
akusungabe mapepala m'chitini cha mabisiketi,
akunena kuti tsiku lina wina adzawerenga bwino.

M'mawa tinawaitana onse awiri.
Rutendo anaima pafupi ndi chitseko,
chikwama atachikumbatira pachifuwa.
Anati anaopa kunena,
ankaganiza kuti amuchotsa sukulu
chifukwa cholembera mnzake mayeso.
Anesu sanakane kanthu.
Anayang'ana nsapato zake,
zopukutidwa bwino, chidendene chitadyeka.
"Ndimadziwa kuti si anga," anatero,
"koma ndinali nditawaonetsa kale amayi."

Palibe batani la zimenezo.
Ndafufuza m'buku lonse la malangizo.

Mayi Mandizvidza anavula magalasi,
anati mnyamatayo alembenso Lachisanu,
muno, pamakina athu, iwo ali pomwepo.
Ine ntchito yanga inali yochepa:
kusunga kope ya zonse kaye,
kuchotsa nambala ya wophunzira pamzere umodzi,
kuikapo ina.
Manambala asanu ndi awiri.
Ndinawawerenga katatu mokweza
ngati mwana wa giredi wani,
mpaka Rutendo anaseka, mphuno ikadali yonyowa.

Makina anafunsa ngati ndatsimikiza.
Kafunsidwe kake n'komweko
kaya ukufufuta chithunzi cha mphaka
kaya ukubweza chaka cha munthu.

Panja jakaranda anali atathothokera pagalimoto za mabwana.
Anesu anandipitirira pageti,
anandifunsa ngati Lachisanu mafunso adzakhale omwewo.
Ndinati ayi, makina amasakaniza.
Anagwedeza mutu,
n'kutulutsa kabuku kopindika m'thumba lakumbuyo,
ndipo anawoloka msewu akuwerenga,
kombi zikumuimbira hutala.